Ulendo wa Chelinda mpaka Livingstonia: foni ikwanira kapena tigule GPS?

NaPhiri_waKatoto

Moni nonse abale anga, ndikupempha amene mwayendako m'tchire ndi m'mapiri mundithandize chifukwa mutu wanga waima. Tilipo anthu asanu, ine, mng'ono wanga ndi anzathu atatu akuntchito, timakonda kuyenda pansi Loweruka, ku Kaning'ina tinapitako, ku Elephant Rock tinafikako, ndiye chaka chino mu Julayi tagwirizana zoti tikayende ulendo uja wa masiku atatu wochokera ku Chelinda pa Nyika kukatsikira ku Livingstonia. Anzangawo anati za mapu ndione ine.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi zomwe zinationekera mwezi wathawu ku Chikangawa. Tinasiya galimoto pafupi ndi M1 nkulowa m'nkhalango cha m'ma 9 m'mawa, ine ndili ndi Google Maps pa Tecno yanga zonse zikuoneka bwinobwino, titayenda ngati maola awiri netiweki inathawa ndipo mapu aja anangosanduka timabokosi totuwa, kadontho kabuluu kali apo koma kali pakati pa chabe, palibe msewu palibe mtsinje. Cha m'ma 2 chifunga chinatsika, ndipo amene mumakudziwa ku Chikangawa mukudziwa kuti misewu ya mathirakitala ndi malole a matabwa imangofanana, kumanja zitsa kumanzere zitsa, mphambano iliyonse ukuona ngati wadutsapo kale. Tinazungulira mpaka mng'ono wanga anayamba kutsimphina, madzi atatha, foni yanga ili pa 9%. Anatipulumutsa ndi bambo ena amene ankakankha njinga atamangapo matabwa, anatiperekeza mpaka tinamva malole pa msewu waukulu, kutada kale. Mulungu awadalitse bambo amenewo kulikonse ali.

Ndiye funso langa ndi lakuti, kodi GPS ya pa foni imagwira ntchito popanda netiweki kapena ayi, chifukwa ena akuti imagwira ena akuti mpaka bandulo? Ndipo kodi tisonkhe ndalama tigule kachipangizo ka GPS ka m'manja ka Garmin kaja, kapena pali apu ina yabwino kuposa imene ndinali nayo? Sindikufuna kukaika anzanga pa mavuto kachiwiri.

MwaleWaMapu

Pepani achemwali ndi zomwe munaona, Chikangawa imasocheretsa ngakhale ife amene timagwira ntchito yoyeza malo. Ndiyambe ndi kukuuzani kuti foni yanu sinakunamizeni tsiku lija, kadontho kabuluu kaja kanali pamalo olondola, chimene chinasowa ndi mapu oti kadonthoko kakhalepo. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana ndipo anthu ambiri amazisakaniza.

GPS ndi masetilaiti a dziko la America, amayenda kumwamba pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo anawakonza kuti pakhale osachepera 24 ogwira ntchito nthawi zonse. Iwo amangoulutsa nthawi ndi malo amene ali, foni yanu imangomvera basi ngati wailesi, siitumiza kanthu, ndiye sipafunika layini, sipafunika bandulo, ngakhale mutachotsa simu kadi imagwirabe. Ikamva masetilaiti anayi kapena kuposa imawerengera yokha pamene mwaima. Mafoni ambiri a masiku ano amamveranso GLONASS ya Russia, Galileo ya ku Ulaya ndi BeiDou ya China, ndiye pamalo poyera ngati pa Nyika pomwe thambo lonse lili pamtunda panu foni imakuikani pafupi kwambiri, kusiyana kwake mamita ochepa chabe. Pomwe imavutika ndi m'chigwa chakuya kapena pansi pa mitengo yothithikana. Netiweki imangothandiza kuti foni ipeze masetilaiti msanga, popanda netiweki nthawi zina imatenga mphindi zingapo, ndiye musaiweruze msanga, imani poyera muidikire.

Tsono mapu ndi amene amafuna intaneti ngati simunawasunge mufoni. Google Maps imalola kusunga chigawo koma ija anaipangira oyendetsa galimoto, ikakhala yopanda intaneti siikupatsani njira ya wapansi, ndipo tinjira ta m'tchire tambiri mulibemo. Ine ndingakulangizeni Organic Maps kapena OsmAnd. Zonsezi zimatenga mapu ku OpenStreetMap omwe amajambulidwa ndi anthu ongodzipereka, mumapanga download Malawi yense kamodzi muli pa wifi ku ofesi nkuiwala. Organic Maps ndi yaulere ndiponso yosavuta, imaonetsanso mizere ija yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa malo. OsmAnd ili ndi zambiri koma imafuna kuiphunzira, ndipo mizere imeneyo pa OsmAnd amalipiritsa. Mizereyi musaipeputse, ikathithikana ndiye kuti pamenepo ndi potsetsereka kwambiri kapena phompho, ndipo tsiku lomwe muzidzatsika kuchoka pamwamba pa Nyika kulowera kum'mawa mudzaifuna.

Chinthu chimene chikanakutulutsani ku Chikangawa tsiku lija popanda bambo a njinga aja ndi kujambula njira. Mukangotsika galimoto mumaika chizindikiro pamene mwaisiya, kenako mumayatsa track recording, foni imalemba mzere paliponse mwaponda. Chifunga chikatsika simufunikanso kudziwa dzina la msewu, mumangotembenuka nkutsata mzere wanu womwewo mpaka pa galimoto. Mzere umenewu mungathe kuusunga ngati fayilo ya GPX nkutumizira mnzanu pa WhatsApp, iye nkuitsegula mu apu yake. Palinso ma GPX amene anthu amaika pa mawebusaiti a oyenda m'tchire ngati Wikiloc ndi AllTrails, koma awo muziwatenga mosamala chifukwa woikayo mwina nayenso anasochera nkuika momwemo.

Ndipo za Chikangawa ndinenenso ichi, nkhalango ija inali mahekitala oposa 50,000 a mitengo yodzala, mbali yaikulu inadulidwa ina inapsa, ndiye mapu kapena chithunzi cha setilaiti chikhoza kukuonetsani paini wothithikana pomwe lero pali zitsa ndi udzu, misewu yatsopano yotulutsira matabwa mulibemo pomwe yakale ina inamera tchire. Foni singadziwe zimenezo.

Ngati mudzapeze mapu a pepala a boma aja a 1:50,000 tengani, ndi abwino kwambiri pa mitsinje ndi mapiri ngakhale ndi akale. Koma chenjerani, ambiri mwa iwo anajambulidwa pa muyeso wa malo wotchedwa Arc 1950 pomwe foni imagwiritsa ntchito muyeso wina wotchedwa WGS84, ukatenga manambala osonyeza malo a pafoni nkuwaika pa pepala osasintha umapezeka wasemphana ndi mamita mazana angapo, ndipo mu chifunga mamita amenewo ndi okwanira kukulowetsa chigwa china. Werengani zolemba za m'munsi mwa pepalalo zimanena muyeso wake.

Za Garmin, pa ulendo umodzi ine sindikuona chifukwa chogulira.

Tiwo_Luwinga

Ine ndikugwirizana ndi a Mwale pa zambiri koma pa Garmin ndikusiyana nawo pang'ono, ndipo nkhani yake ndi batire. Mu Julayi pa Nyika kumazizira zosayerekeza ndi kuno ku Mzuzu, Chelinda ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300, m'mawa umapeza udzu uli mbuu ndi chisanu ukauponda ukuphwanyika ngati magalasi. Batire la foni silikonda kuzizira. Ine ndinagona ndi foni ili pa 60% ndinaisiya m'thumba la chikwama kunja kwa silipingi bagi, m'mawa inakana kuyaka mpaka ndinaiika kukhwapa kwa kanthawi ndithu, itayaka ikuonetsa 20 chakuti. Kuyambira pamenepo foni ndi pawa banki ndimagona nazo m'kati pafupi ndi thupi.

GPS ya Garmin yotchedwa eTrex imadya mabatire awiri a AA ngati a mutochi, imatha kuyenda nawo maola ngati 25, akatha umangosintha, ili ndi mabatani osati sikirini yogwira ndi chala ndiye ngakhale mvula ikugwa kapena wavala magolovesi imamvera, pomwe foni ikanyowa sikirini imangodzidina yokha. Mlamu wanga ali nayo ya kuntchito ndipo ndinaiona ubwino wake. Vuto ndi mtengo komanso kuipeza kuno, ndipo kasikirini kake ndi kakang'ono. Ndiye ndinganene kuti musagule koma funsani anzanu ogwira ntchito za nkhalango, za ulimi kapena zokumba mijigo, ambiri ali nazo m'madirowa, mubwereke.

Mukadalira mafoni chitani chonchi: onse asanu mukhale ndi apu imodzimodzi ndi mapu omwewo, koma tsiku lililonse foni imodzi yokha ndi imene izigwira ntchito, zina zizimitsidwe ndithu. Imene ikugwira ntchitoyo ikhale pa flight mode, chifukwa foni ikamasakasaka netiweki komwe kulibe ndi pomwe imamwa batire kwambiri, ndipo GPS pa flight mode imagwirabe. Sikirini muichepetse kuwala, osamangoyenda mutaiyang'ana. Zithunzi ndi mavidiyo ajambule wina. Muike foni mu kajumbo koonekera m'kati chifukwa cha mame ndi mvula yowaza ija.

Madala_Gondwe

Mwana wanga NaPhiri, ine ndine wachikulire, Nyika ndayendamo kuyambira kale foni za m'manja zisanabwere, ndipo ndawerenga zonse alembazi ndi zoona, koma pali chinthu chimodzi simunachitchule nonse. Nyika ndi malo osungira nyama, ndi paki yoyamba m'dziko muno, inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo ulendo wa masiku atatu umenewo simuyenda nokha, mumayenda ndi sikauti wa za nyama ali ndi mfuti. Ndiye musanaganize za apu, yambani mwakonza zimenezo ndi oyang'anira paki, mudziwiretu za malipiro, za onyamula katundu ngati mukuwafuna, komanso za galimoto yokakusiyani ku Chelinda kudzera ku Rumphi ndi pa geti la Thazima, poti inuyo mukatulukira mbali ina ndipo msewuwo ndi wautali wafumbi.

Ndikuuzeni chifukwa chake sikauti si wa nyama zokha. Pamwamba pa Nyika palibe mitengo yambiri, ndi zitunda za udzu zotsatizana ngati mafunde, china chikufanana ndi chinzake, ndipo tinjira timene mudzaone tambiri si ta anthu ayi, ndi ta mbidzi, ntchefu ndi chilembwe, topondeka bwino kuposa njira yanu yeniyeni. Foni idzakuuzani kuti msasa uli uko makilomita awiri molunjika, ndipo idzakhala ikunena zoona, koma pakati panu ndi msasawo pali dambo looneka lobiriwira bwino ngati bwalo la mpira, ukapondamo umamira mpaka m'mawondo. Ndinaonapo mnyamata wina wophunzira bwino, ali ndi chipangizo chake m'manja, akukangana ndi sikauti kuti bwanji tikuzungulira pomwe muvi ukuloza kutsogolo. Sikauti sanayankhe zambiri, anangotenga ndodo nkuibaya pa udzu paja, inalowa yonse nkutuluka yakuda bii ndi matope. Munthu ameneyo amadziwa mtsinje uti ukuwolokeka pati, madzi akumwa ali kuti mu Julayi, ndi nkhalango iti ya m'chigwa imene njovu zimakonda kukhalamo. Zimenezo sizili mu mapu a wina aliyense.

Chifunga cha pa Nyika nacho sichichenjeza, dzuwa lili phwee kenako mphindi khumi mnzako ali pafupi koma ukungomumva mawu. Apo ndi pomwe foni yanu idzathandize ndithu, sindikuinyoza, ngakhale masikauti ena masiku ano amayenda ndi GPS. Koma chifunga chikatero musabalalike, ndipo ngati simukudziwa kolowera imani pomwepo muvale zofunda. Mukukumbukira mu 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anatsazikana ndi womuperekeza nkupita yekha ku Sapitwa pa phiri la Mulanje, nyengo inasintha, anamupeza patatha milungu atamwalira. Inali nyengo yomweyi yozizira. Sapitwa ndi mamita 3,002, Nganda yomwe ndi nsonga yaitali pa Nyika ndi mamita pafupifupi 2,600, kuzizira kwake sikusiyana kwenikweni munthu akanyowa usiku.

Mutengenso kampasi wamba ya singano ndi wezulo, ndi zotchipa ndipo sizifuna kutchaja. Ndipo musiye uthenga kunyumba, tsiku lonyamuka, tsiku loyenera kufika ku Livingstonia, ndi amene ayenera kuimbiridwa mukapanda kumveka.

Ulendowo ndi wokoma mwana wanga, tsiku lomaliza ukamatsika nkuona nyanja ili tambalale pansi, minda ya khofi ndi nthochi, kenako nyumba za njerwa za mishoni yomwe a Robert Laws anayambitsa pa Khondowe mu 1894, kutopa konse kumaiwalika. Mukafike ku mathithi a Manchewe musanatsike pa msewu wa Gorodi kupita ku Chitimba.

NaPhiri_waKatoto

Yewo chomene a Gondwe, zikomo a Mwale ndi a Tiwo, mwanditsegula maso. Za sikauti tinamvako koma tinkaona ngati ndi za azungu okha, mawa ndiyamba kufunsa. Ndaika Organic Maps madzulo ano ndipo Malawi yense walowa, ndaika flight mode nkuyenda kuchokera pa Katoto mpaka pa depoti ndipo kadontho kamanditsatira ndithu, mtima wakhalako pansi. Koma ndaona chinthu chimodzi, ndikaima nkutembenuka kamuvi kaja sikatembenuka, kamangoloza komwe kanali, mpaka nditayenda pang'ono. Foni ya mnzanga Samsung kamatembenuka pomwepo. Yanga yawonongeka kapena? Chinanso, zitavuta ndithu ndipo tapeza kanetiweki pang'ono pa chitunda, ndingamuuze bwanji munthu wa kunyumba pamene tili?

MwaleWaMapu

Sinawonongeke achemwali. Mafoni ambiri otsika mtengo alibe kachipangizo ka kampasi m'kati, ndiye amadziwa komwe mwaloza pokhapokha mukuyenda, poyerekeza pomwe munali ndi pomwe mwafika. Mukaima sadziwa. Mu chifunga zimenezi zimasokoneza zedi chifukwa munthu umaima nkumazungulirazungulira ukuyang'ana foni, ndiye Samsung ya mnzanuyo ikhale yotsogolera, yanu ikhale yosungira. Ngakhale ya kampasiyo nthawi zina imapenga ikakhala pafupi ndi chitsulo, pa galimoto, kapena ngati kava yake ili ndi maginito, mumaizunguza m'mwamba ngati mukulemba 8 kuti ikhazikike. Apa ndi pomwe kampasi ya singano ya a Gondwe imalowera, mapu a pafoni muwakhazike kumpoto kukhale kumwamba, singano ikuuzeni kumpoto kwenikweni, basi mwadziwa kolowera.

Za kutumiza malo, musadalire live location ya WhatsApp, ija imafuna data yokhazikika. Dinani pa kadontho kanu mu apu, idzakuonetsani manambala awiri, mwachitsanzo Mzuzu ali cha pa -11.46 ndi 34.02. Akopeni onse ndi timanambala tonse ta pambuyo pa dontho nkutumiza pa SMS wamba, chifukwa SMS imatha kudutsa ndi kabala kamodzi ka netiweki pomwe WhatsApp ikungozungulira. Musadule manambala, 0.001 yokha ndi mamita pafupifupi 110, ndiye tumizani osachepera manambala anayi kapena asanu pambuyo pa dontho. Ndipo kamzere kaja ka minus kutsogolo kwa nambala yoyamba musakaiwale, kamatanthauza kuti tili kum'mwera kwa equator, mukakasiya wolandirayo akaika pa mapu adzakupezani cha ku Sudan. Mulembenso nthawi, kuti mulipo angati, wavulala ndani, ndipo mukhala pomwepo kapena mukusuntha. Pakati panu pakhale wa Airtel ndi wa TNM chifukwa chitunda china imagwira iyi china imagwira inayo, ndipo malo ambiri pa ulendowo musayembekezere iliyonse. Zilipo zipangizo ngati Garmin inReach zotumiza uthenga kudzera pa masetilaiti a Iridium popanda netiweki, koma zimenezo kupatula kugula umalipiranso mwezi ndi mwezi. eTrex wamba siitumiza uthenga, imangokuuzani pomwe muli ngati foni yomwe, anthu ena amagula akuganiza kuti idzawaitanira thandizo.

Tiwo_Luwinga

Ndiwonjezere kamodzi, musadikire Nyika kuti muphunzire zimenezi. Loweruka likubwerali pitani ku Kaning'ina komwe mukukudziwa kale, nonse asanu, aliyense ayatse kujambula njira, mukafika pakati wina amene sakonda za mafoni, mwina mng'ono wanuyo mwendo ukakhala wachira, ndi amene akutsogolereni pobwerera pogwiritsa ntchito mzere wokha, enanu mukhale chete ngakhale akulakwitsa mpaka azindikire yekha. Muonenso kuti maola asanu adya maperesenti angati pa foni iliyonse, mudzadziwa kukula kwa pawa banki yofunika pa masiku atatu. Ndipo aliyense ayese kutumiza SMS ya manambala ija kwa munthu ali kunyumba, iye aike pa mapu akuuzeni ngati yagwera pomwe munalidi. Ndamufunsa mlamu wanga za eTrex, akuti sabata yachiwiri ya Julayi saigwiritsa ntchito, ndiye ngati masiku anu agwera pamenepo mundilembere ku inbox tidzakumane m'tauni ndikuonetseni mabatani ake, mabatire a AA mugule anu, mapeya atatu.